Feteleza wokhala pansi pa mgolo sadyetsa tomato

Mwezi wa June uno ndayendera madimba a mthirira wodonthetsa, ndipo migolo yambiri imene ndasuzumira m'mamawa ndapezamo timibulu toyera tili mbuu pansi. Eni ake akuti feteleza wa chaka chino ndi wachinyengo. Ayi ndithu. Mukusungunula feteleza wa potassium nitrate masana madzi atafunda ndi dzuwa, osaganiza kuti usiku azizira.

Galafu ija ya kasungunukidwe imene ana anu amaphunzira ku sekondale si ya mayeso okha. M'munsi mwake muli kutentha kwa madzi, m'mbali muli magalamu amene angasungunuke m'magalamu 100 a madzi. Pa madigiri 30, mzere wa potassium nitrate uli pafupi ndi magalamu 46. Pa madigiri 10 watsika kufika pa 21. Muyezo wanu ukagwera pamzere penipeni, madzi akhuta. Ukagwera pamwamba, zotsalazo ziundana basi. Ndiye malita 20 a madzi amene masana anameza makilogalamu 9 a feteleza, kukacha ndi chisanu ngati cha ku Dedza asunga 4 okha. Asanu enawo, ogulidwa ndi ndalama zosaukira, ali phee pansi. Tomato akudya zosakwana theka, timibulu tikutseka timabowo ta mapaipi, ndipo mizere ya tomato yakumapeto ikufota madzi alipo.

Bambo wina wa dimba anandikanira kwamtuwagalu. "Alangizi, ine ndimatakasa mpaka mkono kuwawa. Mchere ukasungunuka mu ndiwo, umabwereranso?" Ndinawapempha apise dzanja mu mgolo, ndipo anatulutsa timibulu todzaza chikhatho. Zoti tiziyerekeza chilichonse ndi mchere wakukhitchini zimanditopetsa. Mzere wa mchere ndi wogona: magalamu 36 pa madigiri 20, ndi 39 okha madzi akawira. Wa feteleza uyu ndi chitunda. Komanso akamasungunuka amaziziritsa yekha madzi. Gwirani ndowa mumve. Madzi akakhuta, kutakasa n'kungodzivuta.

Chochita n'chochepa. Werengani galafu pa kuzizira kwa m'bandakucha, osati pa kutentha kwa masana, ndipo muyezo wanu ukhale pansi pa mzere. Nyengo yozizira musapitirire makilogalamu 3 pa malita 20. Sefani musanathire mu thanki. Ngati aundana kale, musataye: onjezani madzi, muike padzuwa, asungunukanso.