Malangizo a galimoto ya banja, kwa abale a ku Zambia oyenda m'misewu ya ku Mzuzu

Galimoto zambiri za mabanja zimene zimalowa mu Mzuzu kuchokera ku Chipata ndi ku Lundazi ndi zija zinagulidwa ku Japan zitayendapo kale: Vitz, Sienta, Spacio, Noah ndi zinzake. Buku la malangizo limene mumalipeza m'kabokosi ka kutsogolo limakhala la Chijapani, mwinanso linasowa kalekale. Zimene zili pano ndi mfundo za m'mabuku oterowo zitaikidwa m'Chinyanja, ndipo pamene olemba bukulo sanaganizire mapiri a kuno tawonjezerapo zathu. Zoliza injini, zosuntha mpando ndi zotsegula wailesi tazidumpha dala, aliyense wokhala ndi laisensi amazidziwa. Mbali yoyendera ndi imodzimodzi: ku Malawi, monganso ku Zambia, timayenda kumanzere.

Matayala ndi katundu

Pimani mpweya wa m'matayala galimoto isanayende, matayala akadali ozizira. Muyezo wake suli pa tayala. Uli pa kapepala komatidwa pa felemu ya chitseko cha dalaivala. Galimoto za ku Japan zimalemba mu kPa pamene mapampu ambiri amawerenga mu bar kapena psi, ndiye gwirani chitsanzo ichi: 230 kPa ndi 2.3 bar, kapena 33 psi. Tayala likayenda limatentha ndipo muyezo umakwera pang'ono. Musaphwetse kuti ubwerere, chifukwa likazizira lidzakhala loperewera. Tayala loperewera mpweya limapindika m'mbali nthawi zonse likamazungulira, limatentha, kenako limaphulika, makamaka galimoto ikalemedwa.

Mizere ya pa tayala, imene amakanika amati mapanga, ntchito yake ndi kutaya madzi. M'kati mwa mizereyo muli timabampu ta mamilimita 1.6. Tayala likadyeka mpaka kulingana ndi timabamputo, latha, ngakhale lisakutulutsa mpweya. Onaninso zaka zake. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi: 2319 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Matayala a kaunjika amaoneka onona koma mphira wake umakhala utauma, ndipo ming'alu yake mumaiona m'mbali. Sipeya yaing'ono yopyapyala ija imafuna 420 kPa ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola. Ndi yokufikitsani kwa omata matayala basi.

CHENJEZO: Musanyamule anthu kapena katundu wopitirira muyezo wa galimoto. Kutero kumatalikitsa mtunda woimira ndipo kungachititse ngozi yoopsa.

Bukulo limalekera pomwepo, koma nkhaniyi imafuna masamu pang'ono. Ku Japan, polemba kulemera kwa galimoto yodzaza, munthu mmodzi amamuwerengera makilogalamu 55. Thumba la chimanga kapena la mpunga la makilogalamu 50 ndiye pafupifupi munthu wathunthu. Mukadzaza mipando yonse, n'kuponyanso matumba atatu m'buti pobwerera kwanu, mwakweza anthu ena atatu amene mabuleki sakuwadziwa. Kumbuyo kumatsika, kutsogolo kumapepuka, chiwongolero chimayamba kuyandama, ndipo usiku nyali zanu zimaloza m'maso mwa anzanu m'malo mounika msewu. Katundu wolemera ayikidwe pansi, mogunda msana wa mpando wa kumbuyo.

Oilo ndi madzi a injini onani m'mawa galimoto ili pamalo osapendekeka. Chotsekera cha rediyeta musachitsegule injini ili yotentha, madzi ake amatuluka mwamphamvu ndipo amawotcha nkhope ndi manja.

Kutsetsereka

Apa ndiye pagona nkhani. Mzinda wa Mzuzu uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo nyanja ku Nkhata Bay ili m'munsi ndi mamita opitirira 700, pa ulendo wosakwana makilomita 50. Msewu wa M5 umatsika mokhotakhota. Amene akupita ku Karonga pa M1 amakumananso ndi mtsetse wa Chiweta. Dalaivala wozolowera misewu ya pachidikha amatsika malo otere galimoto ili pa D, phazi lili chikhalire pa buleki, ndipo ndi mmene mabuleki amaphedwera.

Bukulo limatchula mawu akuti engine braking, amene m'Chinyanja alibe mnzake wa liwu limodzi. Tanthauzo lake ndi kugwira galimoto ndi giya. Mukachotsa phazi pa moto galimoto ili pa giya yaing'ono, mawilo ndi amene amayamba kukoka injini, ndipo injini imakaniza. Kukaniza kumeneko kumachepetsa liwiro popanda kudya mabuleki. Injini imalira mokweza, anthu m'galimoto amayang'anizana, koma palibe chikuwonongeka malinga muvi wa marevu usafike pofiira.

Pa galimoto ya manuwo, tsikani ndi giya yomwe mukanakwerera chitunda chomwecho, kawirikawiri ya 3 kapena ya 2. Pa otomatiki ya magiya anayi, dinani kabatani ka O/D ka pa ndodo ya giya mpaka pa dashibodi pawoneke O/D OFF, ndiye kuti galimoto sipitirira giya ya 3. Mtsetse ukakula, ikani pa 2. Pa L ndi pa malo ophedzuka kwambiri oyenda mwapang'onopang'ono. Galimoto za CVT, mtundu wa otomatiki wopanda magiya owerengeka, monga Vitz ndi Sienta zambiri, zili ndi S ndi B, ndipo B ndi imene imagwira kwambiri. Sinthani giya pamwamba pa mtsetse, mutachepetsa kale liwiro, osati galimoto itathawa kale. Buleki muziponda mwamphamvu kwa kanthawi, liwiro likatsika muchotse phazi kuti mabuleki apume, kenako mupondenso.

Chifukwa chake nachi. Buleki imaimitsa galimoto posandutsa liwiro kukhala kutentha. Mukaiponda osalekeza, mapadi amatentha mpaka amayamba kuterera pa disiki. Mumamva fungo lopserera, mumaponda mwamphamvu koma galimoto ikupitabe. Ichi ndi chimene bukulo limati brake fade, ife tingati kutopa kwa mabuleki. Choopsa china chili m'mafuta a mabuleki. Mafutawa amayamwa chinyezi cha mumpweya. A mtundu wotchedwa DOT 3 akakhala atsopano sawira asanafike madigiri 205, koma akamwa madzi amatha kuwira pa madigiri 140. Akawira mumapangika nthunzi m'mapaipi, nthunzi imafinyika, ndipo pedulo imangolowa mpaka pansi ngati mwaponda siponji. N'chifukwa chake amati muzisintha mafutawa zaka ziwiri zilizonse. Ambiri amangowonjezera pamwamba, n'kumati asamalira galimoto. Ndipo mafuta akamatsika m'kabotolo kake, ndiye kuti mapadi akutha kapena penapake pakudontha, pitani nayo kwa makanika.

Mukamva fungo lija kapena pedulo ikafewa, imani pamalo otakasuka, ikani mwala ku tayala, mudikire mphindi 20 kapena 30. Musathire madzi pa mawilo, disiki yotentha imapindika kapena kung'aluka. Mabuleki akakana muli m'kati motsika, pondani mobwerezabwereza mwachangu, tsitsani magiya imodziimodzi, ndipo kokani handibuleki pang'onopang'ono chala chili pa batani lake. Mukaikoka kamodzin'kamodzi mawilo a kumbuyo amauma ndipo galimoto imazungulira.

CHENJEZO: Musaike giya pa N ndipo musazimitse injini galimoto ikuyenda.

Chizolowezi chimenechi chilipo ndithu, amati akusunga mafuta. Sichisunga kanthu. Injini za masiku ano zimadula zokha mafuta mukachotsa phazi pa moto galimoto ili m'giya, pamene pa N injini imamwabe kuti isazime. Kuzimitsa injini ndiye kuitana maliro: mphamvu yothandizira buleki imatha mukaponda kamodzi kapena kawiri, chiwongolero chimalimba, ndipo kiyi ikabwerera kwambiri chiwongolerocho chimadzikhoma.

Chifunga ndi mvula

Ochokera ku Lundazi amalowa mu M1 pa Jenda, ochokera ku Chipata amadzera ku Mchinji, koma onse asanafike mu Mzuzu amadutsa m'nkhalango ya Chikangawa. Kumeneko chifunga chimatsika mosayembekezeka, makamaka m'mawa, madzulo ndi m'miyezi yozizira ya June ndi July. Yatsani nyali za dimu. Za fulu zimagunda chifungacho n'kubwerera m'maso mwanu. Mahazadi musayende nawo, chifukwa wa kumbuyo sadziwa ngati mwaima kapena mukukhota, ndipo indiketa sioneka. Galasi likachita nthunzi m'kati, yatsani AC, lozetsani mpweya ku galasi la kutsogolo, ndipo tsegulani kuti ulowe mpweya wa kunja. Kupukuta ndi dzanja kumasiya mafuta amene amanyezimira usiku. Mumsewu umenewu mumayenda mathiraki a matabwa, okwera zitunda pang'onopang'ono. Kupitirira thiraki pa kona kapena pa mzere wosadukiza, chifukwa choti dalaivala wake wakukodolani ndi dzanja, ndi kuika banja lanu m'maso mwa munthu wina. Pitirirani pokhapokha inuyo mukuona msewu wonse.

Mtunda wa pakati pa inu ndi wa kutsogolo muziuyeza ndi nthawi. Iye akadutsa mtengo kapena chikwangwani, werengani masekondi atatu musanafikepo inu. Kukagwa mvula, asanu ndi limodzi. Pa liwiro la makilomita 80 pa ola galimoto imayenda mamita 22 pa sekondi iliyonse, choncho kuyang'ana uthenga pa foni kwa masekondi atatu ndi kuyenda mamita opitirira 60 mutatsinzina. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi.

Pali mawu enanso ovuta, aquaplaning. Madzi akachuluka pamsewu kuposa amene mapanga angataye, tayala limakwera pamwamba pa madziwo n'kusiya kugunda phula. Chiwongolero chimapepuka mwadzidzidzi. Musaponde buleki, musakhote. Chotsani phazi pa moto, gwirani chiwongolero molunjika mpaka matayala agwirenso. Pa kuima kwadzidzidzi, galimoto ya ABS, makina oletsa mawilo kuuma mukaponda buleki mwamphamvu, imanjenjemeretsa pedulo ndi kulira ngati chinachake chathyoka. Ndi mmene imagwirira ntchito, pondanibe osachotsa phazi, uku mukuwongolera.

M'tauni

Magalasi atatu a galimoto saona paliponse. Cha m'mbali chakumbuyo, kumanzere ndi kumanja, kuli malo obisika amene bukulo limati blind spot, ndipo njinga yonse ndi wokwera wake imakwanamo. Mu Mzuzu njinga za kabaza, zimene kuno amati sacramento, ndi njinga zamoto zimayenda m'mphepete mwa msewu kumanzere kwanu, ku Katoto, ku Chibavi, ku Luwinga ndi kumsika konse. Musanakhotere kumanzere, yatsani indiketa nthawi ilipo, onani pa galasi, kenako tembenuzani mutu. Chimodzimodzi potsegula chitseko. Pa raundabauti mpata ndi wa wochokera kumanja. Minibasi ikaima, yembekezerani kuti wina atulukira kutsogolo kwake akuthamanga.

Nyali za pa dashibodi: yofiira ya kabotolo ka oilo ikayaka, imani ndi kuzimitsa injini nthawi yomweyo. Yofiira ya kutentha, chimodzimodzi. Ya buluu ya kutentha, imene imayaka m'mawa wozizira wa kuno, ikungonena kuti injini sinatenthe, ndipo imazima yokha. Yendani mofatsa kufikira itazima.

Ana ndi malamba

Aliyense amange lamba, a kumbuyo omwe. Lamba wa m'munsi adutse m'chiuno pa mafupa, osati pamimba. Amayi oyembekezera amudutsitse kunsi kwa mimba. Lamba mmodzi, munthu mmodzi.

CHENJEZO: Musaike mpando wa mwana woyang'ana kumbuyo pa mpando wa kutsogolo pamene pali airbag, thumba la mpweya lofufuma pa ngozi. Airbag ikaphulika ingaphe mwana kapena kumuvulaza kwambiri.

Izi zikukhudzanso mwana wa pamiyendo. Pa ngozi palibe manja amene angagwire mwana, ndipo thupi la womunyamulayo limamupanikiza ku dashibodi. Ana akhale kumbuyo. M'mphepete mwa zitseko za kumbuyo muli kandodo kakang'ono, mukakatembenuza chitseko sichitseguka kuchokera m'kati. Mwana asatsale yekha m'galimoto yotsekedwa, ngakhale mwangolowa m'sitolo, ndipo makiyi asatsalemo. Pobwerera m'mbuyo pakhomo, zungulirani galimoto kaye, mwana wokwawa saoneka pa galasi lililonse. Kuli kanthu kena kamene ambiri sakadziwa: cha kumapazi kwa wokhala kutsogolo, galimoto za ku Japan zimakhala ndi kachubu kofiira. Si chozimitsira moto. Ndi muuni wochenjezera pa ngozi ndipo umayaka moto weniweni, choncho usakhale choseweretsa ana.

Galimoto ya banja imabwerekedwa kwambiri, ku ukwati, ku maliro, kokatenga mlamu. Wopanda laisensi kapena amene walawako mowa asapatsidwe makiyi, ngakhale ndi malume, pakuti ikachita ngozi a inshulansi angakane kulipira.

Mapepala ndi kuwonongekerwa panjira

Yendani ndi laisensi, buku la galimoto, chilolezo cholowetsera galimoto chimene mwapatsidwa pachipata, ndi inshulansi yogwira ntchito m'Malawi. Yellow Card ya COMESA, imene ndi inshulansi ya galimoto zodutsa malire, imagwira ntchito m'Malawi. Pa marodibuloko amafunsa zimenezi. Liwiro tsatirani zikwangwani, makamaka podutsa m'misika ya m'mbali mwa msewu monga pa Jenda ndi pa Ekwendeni.

Galimoto ikafa panjira, ikankhireni kunja kwa phula, yatsani mahazadi, anthu onse atsike ndi kuima patali ndi msewu. Ikani matirayango awiri, ina kutsogolo ina kumbuyo, masitepe pafupifupi 50 kuchokera pa galimoto, ndipo ngati pali kona, ya kumbuyo ikhale kona isanayambe. Otomatiki siliza pokankha, ndiye batire ikafa funani mawaya ojampira. Posintha tayala masulani manati pang'ono galimoto ikadali pansi, jeke ikhale pa nthaka yolimba, ndipo pasapezeke wolowa kunsi kwa galimoto yoimira jeke yokha. Ngati munaika nthambi za mitengo ndi miyala pamsewu pochenjeza anzanu, muzichotse musananyamuke, wa njinga yamoto wobwera usiku sadzaziona.