Kukopera pa fulashi mafayilo obwezedwa ndi Recuva

Kuti mupulumutse zithunzi za ukwati wa ku Lizulu zomwe zafufutika pa memori khadi, konzani fulashi ya malo okwanira, ndipo laputopu ikhale yodzaza moto poti magetsi atha kuzima ntchito ili mkati.

1. Lekani kujambulira pa khadiyo, ndipo Recuva, pulogalamu yobwezera mafayilo ofufutika, muyiike pa kompyuta.
2. Lumikizani khadi ndi fulashi, kenako tsegulani Recuva n'kufufuza pa khadipo.
3. Chongani mafayilo a kadontho kobiriwira. A kofiira kawirikawiri amakhala owonongeka.
4. Dinani Recover n'kusankha fulashi. Ambiri amalakwitsa pamenepa: mukasungira pa khadi yomweyo, mafayilowo atha kulembedwa pamwamba pa omwe sanabwezedwe, ndipo amenewo atha kutayikiratu.
5. Tsegulani zithunzi zingapo pa fulashiyo musanafomate khadi.