Kalosedwe ka nyengo yachisanu: chiperoni, chisanu cha m'madambo, mawawa oundana ndi chipale chofewa

Munthu wofuna kulosera nyengo ya miyezi ya Meyi, Juni, Julayi ndi Ogasiti asayambe ndi kufunsa kuti mawa kudzazizira motani. Ayambe wafunsa kuti mpweya wozizirawo ukuchokera kuti, wanyamula chinyezi chochuluka bwanji, ndipo mtambo umene ukubwera nawo ndi wokhuthala motani kuchokera kunsi mpaka kumwamba kwake. Nambala imodzi ya madigiri imene foni imaonetsa imangonena za mpweya wa pafupi ndi nthaka, pomwe chimene chimagamula kuti kugwe mawawa, chipale chofewa kapena kusagwe kanthu chimachitikira m'mwamba.

Yambani ndi kuyang'ana kum'mwera. Kuzizira kwathu kumayambira kunyanja yamchere ya Atlantic, kumene mpweya wozizira umalowa kumtunda kudzera ku Cape Town n'kumayenda chakum'mawa. Kumbuyo kwake kumabwera mpweya wolemera umene umakhazikika kugombe la South Africa, ndipo umenewu ndiwo umakankha mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, yomwe imatunga chinyezi panyanja ya India isanalowe m'dziko la Mozambique. Mphepoyo ikawomba mapiri a Chiperone, Mulanje, Thyolo ndi Zomba imakakamizika kukwera, ikakwera imazizira, ndipo chinyezi chija chimasanduka nkhungu ndi mvula ya mawawa imene tonse timaidziwa kuti chiperoni. Choncho mukamva kuti ku Cape Town kwagwa mvula yamphepo, kenako ku Durban ndi ku Maputo kwazizira mwadzidzidzi, dziwani kuti pali mwayi waukulu wakuti pakapita masiku angapo nafenso tizizidwa. Chiperoni chikafika nthawi zambiri chimakhala masiku awiri, atatu kapena kupitirirapo pang'ono chisanalekeze.

Pano pa Zomba zizindikiro zake zimaoneka ndi maso. Phiri la Mulanje, lomwe kukayera limaoneka bwinobwino, limayamba kubisika. Mphepo ya mwera imalimba panyanja ya Chilwa, moti asodzi a pa Kachulu amazindikira msanga kuposa anthu a m'tauni. Kenako mtambo umakhala paphiri la Zomba n'kumatsika mpaka kukuta msewu wopita ku Ku Chawe. Zizindikiro zimenezi muziziphatikiza ndi uthenga wa nthambi yoona za kusintha kwa nyengo ndi zanyengo, umene umaulutsidwa pawailesi ndi pamasamba a mchezo, chifukwa iwo ali ndi malo oyezera nyengo m'madera osiyanasiyana, kuphatikizapo ku Makoka kufupi ndi Thondwe.

Chachiwiri, phunzirani kuwerengera kutalika kwa malo. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Tauni ya Zomba ili pamtunda wa mamita opitirira pang'ono 900, pomwe nsonga ya Malumbe yapitirira mamita 2,000, kotero kuti m'tauni mukakhala madigiri 12, pamwamba penipeni pamatha kukhala madigiri 5 okha, ndipo kukakhala mphepo ndi mawawa thupi limamva kuzizira koposa pamenepo. Amene amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pafoni monga Windy angathe kusankha mulingo wolembedwa 850 hPa (hPa ndi muyeso wa kulemera kwa mpweya), umene uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndiye kuti chapafupi ndi msinkhu wa Ku Chawe, ndi wina wa 700 hPa, umene uli pafupi ndi mamita 3,000, msinkhu wa Sapitwa ku Mulanje. Mukaona chinyezi chambiri pa 850 koma pa 700 pali pouma, mtambowo ndi wosakhuthala, ndipo chimene chingagwe ndi mawawa basi, osati mvula yoti n'kudzaza mgolo. Ndi bwino kuyerekeza zimene akunena makina olosera a ECMWF a ku Ulaya ndi a GFS a ku America. Akagwirizana mukhoza kudalira, akasiyana kwambiri dikirani tsiku lina musanasinthe mapulani anu.

Usiku wozizira kwambiri si wa chiperoni ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Mtambo uli ngati bulangete limene limasunga kutentha kwa nthaka. Usiku woopsa ndi woyamba kapena wachiwiri mtambo utachoka, kumwamba kuli nyenyezi zokhazokha, mphepo italeka, mpweya utauma. Pamenepo nthaka imataya kutentha kwake mofulumira, mpweya wozizira umatsetsereka m'mapiri n'kukadikha m'madambo ndi m'zigwa, mwakuti lamulo lija la kukwera limatembenuka: dimba la kunsi limazizira kuposa nyumba ya pamtunda. Kuti mudziwe ngati chisanu chiwauka mbewu, pezani zipangizo ziwiri zoyezera kutentha, chimodzi muchikulunge kunsonga ndi kansalu konyowa, zonse muzipachike pamthunzi, pamtunda wa mita imodzi ndi theka, pamalo podutsa mphepo. Dzuwa likalowa werengani zonse ziwiri. Zikasiyana pang'ono, mpweya uli ndi chinyezi, ndipo m'mawa kudzakhala mame kapena nkhungu, zomwe zimachedwetsa kuzizira. Zikasiyana kwambiri ndipo chonyowacho chatsika kale, mpweya ndi wouma ndipo kuzizira kulibe choutchinga. Kumbukiraninso kuti udzu ndi masamba zimazizira kuposa mpweya wa pamene mwapachika chipangizo, moti chisanu chimatha kuyera paudzu chipangizo chikuonetsa madigiri 3 kapena 4. M'tauni ya Zomba zimenezi n'zosowa, koma m'madambo a pamwamba pa mapiri, ngati ku Nyika, ku Viphya ndi ku Mulanje, chisanu chotere chimagwa. Mlimi wa tomato kapena kachewere aope zinthu ziwiri zosiyana: chiperoni chimabweretsa chiwawu chifukwa masamba amakhala onyowa masiku ambiri, pomwe usiku woyera umawauka mbewu za m'munsi, choncho athirire masana ndi kuphimba nazale ndi udzu madzulo.

Mawawa oundana ndi chipale chofewa n'zosowa kwambiri kuno, koma Amalawi ambiri amakumana nazo: madalaivala a mathiraki opita ku Durban, ogwira ntchito ku Johannesburg, ophunzira ku Ulaya, ku China ndi ku America. Ku Johannesburg chipale chofewa chinagwa mu Ogasiti 2012 ndi pa 10 Julayi 2023, ndipo mu Seputembala 2024 chinatseka msewu wa N3, wa pakati pa Johannesburg ndi Durban, pa Van Reenen's Pass, magalimoto n'kugona pamsewu. Ku mapiri a Lesotho ndi Drakensberg chimagwa chaka ndi chaka.

Munthu wa ku Zomba ali ndi mwayi pomvetsa mawawa oundana, chifukwa mtambo wake ndi wofanana ndi wa chiperoni: wotsika, wosakhuthala, wokhala ndi mpweya wouma pamwamba pake. Kusiyana kwake n'kwakuti mtambo wonsewo pamodzi ndi nthaka zimakhala pansi pa madigiri 0. Wina angaganize kuti madzi alionse akafika pa 0 amaundana, koma timadontho ta mumtambo timatha kukhalabe madzi ngakhale kutazizira kupitirira pamenepo, malinga ngati palibe kanthu koti tiyambirepo kuundana. Pamwamba pa mtambo pakakhala kuti sipanazizire kufika pafupifupi madigiri 10 pansi pa 0, tinthu toundana sitipangika mokwanira, ndipo timadontho timangogundana n'kuphatikizana mpaka kulemera. Timagwa tili tating'ono, tosafika theka la milimita, koma tikangokhudza msewu, galasi la galimoto, waya wa magetsi kapena phiko la ndege, timaundana pomwepo n'kusiya madzi oundana opyapyala amene diso siliona. Wolosera ayang'ane zinthu zitatu pamodzi: chinyezi chodzaza m'munsi, mpweya wouma pamwamba pake, ndi kamphepo kokankhira mpweya kumtunda. Ine ndimaona kuti mawawa amenewa ndi oopsa kuposa chipale chofewa chambiri, chifukwa chipale chimaonekera ndipo aliyense amachepetsa liwiro, pomwe mawawa amaoneka ngati msewu wangonyowa chabe. Ngakhale makina a rada, oonera mvula patali, nthawi zina sawaona, poti madontho ndi aang'ono ndipo mtambo uli pansi kwambiri. Milatho ndiyo imayamba kuterera, chifukwa mphepo yozizira imaidutsa pamwamba ndi pansi pomwe.

Mvula youndana ya madontho akuluakulu ili ndi njira ina. Imayamba ngati chipale chofewa m'mwamba, imasungunuka ikadutsa mumpweya wofunda wapakati, kenako n'kugwera mumpweya wozizira wa pafupi ndi nthaka. Mpweya wozizira wa pansiwo ukakhala wokhuthala, madontho amaundana asanafike pansi ndipo amagwa ngati timatalala.

Kuti kugwe chipale chofewa, mtambo uyenera kukwera mpaka pamene pali pozizira kwambiri, makamaka pakati pa madigiri 12 ndi 18 pansi pa 0, pamene tinthu toundana timakula msanga, ndipo mpweya wonse kuchokera pamenepo kufika pansi usakhale ndi gawo lofunda lokhuthala. Chikhoza kufika pansi ngakhale chipangizo chikuonetsa digiri 1 kapena 2 pamwamba pa 0, makamaka mpweya ukakhala wouma, chifukwa china chikamasungunuka ndi kuuma chimaziziritsa mpweya umene chikudutsamo. Poyerekeza kuchuluka kwake, olosera amayambira pa muyeso wakuti milimita imodzi ya madzi imapereka pafupifupi sentimita imodzi ya chipale, ngakhale kuti kukazizira kwambiri chimakhala chopepuka ndipo chimaunjikana kuposa pamenepo. Chovuta chimabwera pamene nyengo ili pamalire: mtambo wina wapamwamba ukadutsa n'kugwetsera tinthu toundana mumtambo wa mawawa uja, mawawa amasanduka chipale chopepuka, ndipo mtambowo ukapita mawawa oundana amabwereranso. N'chifukwa chake uthenga wa zanyengo wa kumaiko ozizira nthawi zambiri umatchula zonse ziwiri pamodzi, ndipo woyendetsa galimoto akamva choncho akonzekere choipitsitsacho.

Kwa ife a kuno, ntchito yaikulu ndi kulemba. Tengani kope, tsiku lililonse mulembe kutentha kwa m'mawa dzuwa lisanatuluke ndi kwa madzulo, kumene mphepo ikuchokera, pamene mtambo wafika paphiri, ndi zimene foni inalosera dzulo lake. Makina olosera amaona phiri la Zomba ngati chitunda chosalala, sadziwa kusiyana kwa Matawale, Domasi ndi damu la Mulunguzi, choncho nyengo yachisanu ikatha mudzaona kuti foni imaphonya ndi madigiri angati pamalo panu, ndipo chaka chamawa muzidzangochotsera kapena kuwonjezera madigiri amenewo pa zimene ikunena.