Kusamalira wodwala mwakayakaya kunyumba

Mwafunsa, achemwali, kuti amayi awatulutsa m'chipatala poti khansa yafika posachiritsika, ndiye muwasamalire bwanji kunyumba ku Mufakose, mu Harare muno.

Yambani ndi ululu. Morphine wamadzi, mankhwala oletsa ululu waukulu, muziwapatsa pa nthawi yomwe adokotala analemba, kawirikawiri maola 4 aliwonse, osadikira kuti abuule kaye. Mankhwalawa amadzimbitsa, choncho pemphaninso ofewetsa m'mimba.

Kenako muziwatembenuza maola 2 aliwonse, pilo pakati pa mawondo. Yang'anani m'chiuno ndi zidendene. Khungu likafiira, chilonda chayandikira.

Akayamba kukana phala, musawakakamize, ngakhale azakhali akalipe kuti mukuwapha ndi njala. Thupi lasiya lokha kufuna chakudya, ndipo angatsamwe. Nyowetsani kansalu koyera, apukuteni m'kamwa, apakeni Vaseline pamilomo.

Akayamba kupuma mwaphokoso pakhosi, agonekeni chammbali. Muziwalankhula ndithu, mwina akumva.

Lumikizanani ndi Island Hospice, bungwe losamalira odwala mwakayakaya, lomwe linayamba mu Harare muno mu 1979. Anamwino ake amayendera odwala m'makomo, amathandizanso ofedwa. Usiku muzisinthana ndi abale kuti inunso mugoneko.