Tiyi, khofi ndi ma energy musasiye tsiku limodzi, chepetsani ngati madzi a pa nazale

Mwezi watha kunabwera bambo wina wa kabaza wa njinga yamoto, nkhope yonse yakwinya, akuti mutu ukuwawaza kuyambira dzulo lake masana, thupi laphwanya komanso akungoyasamula ngati sanagone. Iwo anabwera atatsimikiza kale kuti ndi malungo. Tinawayeza, malungo mulibe, BP ilinso bwinobwino. Pofunsitsa kuti kodi mwasintha chani masiku ano mpomwe anaulula kuti asiya zakumwa zija za energy chifukwa mayi akunyumba akudandaula kuti ndalama ya ndiwo ikuthera pa golosale, ndiye chifukwa cha ukali anasiyiratu ndi tiyi wam'mawa yemwe. Munthu amene amamwa mabotolo awiri atatu patsiku. Matenda ake anali omwewo basi.

Chimene chimagwira anthu mu tiyi, khofi, Coca-Cola ndi ma energy ndi chimodzi, kafeini. Ndipo ndineneretu, sindikulemba izi kuti ndinyoze tiyi ayi, tiyi wathu wa ku Thyolo ndi Mulanje ndi khofi wa ku Mzuzu akudyetsa mabanja ambiri ndipo kapu imodzi kapena ziwiri patsiku kwa munthu wamkulu wabwinobwino palibe vuto. Akatswiri azaumoyo ku Ulaya ndi ku America amati munthu wamkulu asapyole mamiligalamu 400 patsiku, mayi woyembekezera asapyole 200. Kapu ya tiyi wamasamba imakhala ndi 40 kapena 50, khofi wa ufa wongosungunula uja 60 mpaka 80, khofi wogaya weniweni amafika 100 kapena kupitirira, kachitini ka Red Bull ka 250ml kali ndi 80, chitini chachikulu cha Monster cha 500ml chili ndi 160, Coca-Cola wa 330ml ali ndi 30 ndi pang'ono. Tsono werengani nokha, mlonda amene wapita ku ntchito ndi fulasiki yodzadza, dalaivala wa thiraki wopita ku Beira kapena ku Dar es Salaam, mwana wa fomu 4 amene akukesa ndi mabuku a MSCE, kapena abale athu a naiti m'nyumba zosamalira okalamba ku UK, 400 ija amaidutsa osadziwa n'komwe.

Mukaona tulo sitikubwera, mtima ukugunda ngati mwathamanga, manja akunjenjemera, chilungulira chosatha, kukodzakodza, kapena simungayankhule ndi munthu m'mawa musanamwe, nthawi yochepetsa yakwana.

Koma bwanji mutu umapweteka ukasiya? M'bongo mwathu muli kanthu kotchedwa adenosine kamene kamachulukirachulukira tsiku likamapita, ndi kamene kamakuuzani kuti mwatopa kagoneni. Kali ndi mipando yake pomwe kamakhala. Kafeini akalowa amakakhala pa mipando imeneyo, ngati mu minibasi munthu wakulandani malo, ndiye uthenga wa kutopa sufika, inu nkumaona ngati mwapeza mphamvu pomwe kutopa kulipo kwangoima panja kudikira. Mukamamwa tsiku ndi tsiku ubongo umachita ngati kondakitala wadyera, umawonjezera mipando ina, nchifukwa chake kapu imodzi imene inkakukwanirani kale lero mukufuna zitatu. Tsiku lomwe mwasiya mwadzidzidzi mipando yonseyo, yakale ndi yowonjezera, imadzadza ndi adenosine nthawi imodzi, ndiye ndi tulo, ulesi, mutu wosagwira. Komanso kafeini amapanikiza mitsempha ya magazi ya m'mutu, akachoka mitsempha ija imatakasuka magazi nkumadutsa ambiri, kuwaza kwa mutu kuja kumachokera pamenepo.

Zimayamba pakapita maola 12 mpaka 24 chimwereni komaliza, zimafika poipa tsiku lachiwiri, ndipo ambiri zimawatha pakati pa masiku 2 ndi 9. Ena amamva nseru, ena kuphwanya m'thupi ngati chimfine, ena kupsa mtima ndi zinthu zazing'ono, mwana wangogwetsa supuni inu mwakalipa kale. Sizipha koma zimasowetsa mtendere, ndipo ambiri amagonja tsiku lachiwiri lomwelo nkubwerera kukamwa zochuluka kuposa kale.

Alimi a fodya mukudziwa zomwe timachita pa nazale. Mbande zikayandikira kuwokera sitisiya kuthirira tsiku limodzi, zingafe, timachepetsa makeni pang'onopang'ono kuti zikhwime zizolowere ludzu. Thupi nalo ndi choncho. Masiku atatu oyamba musasinthe kalikonse, ingolembani pa kapepala kapena mu foni chilichonse chomwe mwamwa ndi nthawi yake, ndipo musadzinamize, chikapu chachikulu cha pulasitiki cha ku tiirumu chija si kapu imodzi ndi ziwiri. Mukadziwa mlingo wanu chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi, khalani pomwepo masiku anayi kapena sabata, kenako chotsaninso. Wa makapu anayi atsike pa atatu, kenako awiri, kenako imodzi. Ngati mutu wayamba kuvuta musatsikenso, imani pamenepo mpaka thupi livomere. Masabata atatu anayi si nthawi yayitali kwa chinthu chomwe mwakhala nacho zaka khumi.

Yoyamba kuchotsa ikhale yamadzulo osati yam'mawa. Kafeini amatenga maola pafupifupi 5 kuti theka lake lichoke m'thupi, ndiye khofi wa 4 koloko madzulo theka lake likadali m'magazi 9 koloko usiku pomwe mukufuna kugona, mugona mochedwa, mudzuka wotopa, mumwanso wambiri, zimangozungulira choncho. Mukadula yamadzulo tulo timabwerera ndipo yam'mawa ija imachepa yokha.

Kaphikidwe nako. Kwathu kuno timakonda kuthira masamba mu poto nkuwasiya abwate mpaka tiyi ade ngati oyilo wa injini, pamenepo mwafinya kafeini yense. Chepetsani masamba, ndipo muzithira madzi atawira kale nkusefa pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri. Mkaka suchotsa kafeini, umangobisa kuwawa. Wa khofi asakanize theka wamba theka decaf, khofi wochotsedwa kafeini, ngati thumba likulola, wa ma energy agule kabotolo kakang'ono m'malo mwa chachikulu, kapena alowetse kapu ya tiyi pamalo pa botolo limodzi, apo watsika kale kwambiri.

Chibaba china si cha kafeini, ndi cha kapu yotentha m'manja ndi shuga. Musachinyoze chimenechi, chipatseni chake. Rooibos wa ku South Africa alibe kafeini ndipo amapezeka m'mashopu, lemon grass ambiri tili naye kuseri kwa nyumba, jinja ndi ndimu, chidede, phala la malambe, thobwa masana kukatentha. Green tea yekha asakupusitseni, ali ndi kafeini, ndi masamba omwe aja kungoti kakonzedwe nkosiyana. Ndipo idyani m'mawa, mbatata kapena chinangwa kaya chigumu, chifukwa ambiri tiyi wa shuga masupuni anayi ndiye anali chakudya chawo, akamusiya njala nayo imawonjezera mutu.

Tsopano apa mpomwe ambiri amagwa. Mutu ukawaza amathamangira pa okala kukagula mankhwala, amwa, mutu wasiya, akuti mankhwala amphamvu awa. Tawerengani pa paketi. Panadol Extra m'bulu umodzi uli ndi mamiligalamu 65 a kafeini, iwiri ndi 130, kuposa kapu ya khofi. Ufa wa Grand-Pa umene abale a ku Joni amaukonda nawonso uli ndi kafeini. Ndiye mwasiya pa kapu mwayamba pa m'bulu, mawa mutu ubweranso mugulanso, ndipo kumwa mankhwala a ululu pafupipafupi pakokha kumabweretsa mutu wosatha. Ngati mwapanikizika imwani paracetamol wamba motsatira mlingo, masiku ochepa okha. Imwani madzi, yendani pang'ono panja, mukapeza mpata gonani mphindi 20 masana.

Sankhaninso nthawi. Musayambe sabata ya mayeso, kapena mawa lake muli ndi ulendo wautali pa chiwongolero, kuwodzera pa M1 si nkhani yoseweretsa. Yambani mukakhala pa ofu kapena Lachisanu kuti tsiku loipa lija likupezeni kunyumba. Amene mukusiyanso fodya dziwani kuti utsi wa fodya umachititsa chiwindi kuchotsa kafeini msanga, mukasiya kusuta makapu omwe aja amakhalitsa m'thupi ndipo amakugwirani kwambiri, ndiye chepetsani tiyi nthawi yomweyo.

Amayi oyembekezera, kupatula 200 ija, tiyi amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'zakudya, ndiye musamwere limodzi ndi nsima kapena mapiritsi a magazi a ku sikelo, dikirani ola limodzi kapena awiri. Ndipo mutu wa mayi woyembekezera, makamaka ngati nkhope ndi manja zatupa kapena akuona zinthu mwachimbuuzi, si wongoti ndi tiyi, apite kuchipatala tsiku lomwelo akayezedwe BP. Chimodzimodzi aliyense amene mutu wabwera ndi kutentha thupi, kuuma khosi, kusanza kosalekeza, kapena wapitirira masabata awiri. Kuno kwathu malungo timayezetsa, sitiganizira.

Bambo a kabaza aja tinawauza akamwe theka la kapu ya tiyi pa tiirumu ya panja pa geti abwerenso. Ola lisanathe anabwera akuseka, mutu wasiya, akuti ndiye kuti ndalodzedwa ndi botolo. Tinagwirizana kuti tiyi wam'mawa abwerere kaye, energy botolo limodzi lokha isanakwane 12 koloko kwa sabata imodzi, sabata inayo theka, ndipo ndalama ya mabotolo otsalawo azikapereka kunyumba madzulo aliwonse mayi aziona ndi maso.