Zoyenera kuchita ku Tete dzuwa la Okutobala lisanafike

Amalawi amene mukukhala m'chigawo cha Tete ku Mozambique, masiku akubwerawa ndi a nyengo yabata imene imabwera kumapeto kwa Ogasiti ndi kumayambiriro kwa Seputembala, pamene chisanu chatha, mphepo ya mwera yachepa mphamvu, koma kutentha kwenikweni kusanayambe. Nyengoyi sikhalitsa, makamaka kwa inu a mumzinda wa Tete ndi ku Moatize, chifukwa malowa ali m'chigwa cha mtsinje wa Zambezi, kumene mu Okutobala ndi Novembala kumatentha mpaka kupitirira madigiri 40. Ntchito iliyonse yofuna mphamvu kapena ulendo wautali ndi bwino kuigwira tsopano.

Choyamba ndi denga. Kwerani m'mawa malata asanatenthe, muone misomali imene yazuka ndi mitengo imene chiswe chadya, ndipo ngati nyumba ndi yofolera, gulani udzu anthu asanayambe kutentha tchire, pakuti moto ukangodutsa mtolo umakwera mtengo. Oumba njerwa nawonso asazengereze, popeza njerwa youma pang'onopang'ono padzuwa lofatsa siing'aluka ngati youma mwamsanga padzuwa lowamba. Amene mukuchita lendi, kambiranani ndi eni nyumba lero lomwe. Kudandaula za kudontha mu Disembala sikuthandiza kanthu.

Nkhani ya mapepala ndiyo ambiri timainyalanyaza. Ngati chidindo cha m'pasipoti chatsala pang'ono kutha, kapena DIRE yanu (chiphaso cholola mlendo kukhala m'dzikoli) ikufunika kukonzedwanso ku ofesi ya SENAMI, yoona za anthu olowa ndi otuluka m'dziko, pitani pamene kuima pamzere kukadali kopiririka. Amene mukufuna kukaona abale kumudzi kudzera pachipata cha Zóbuè kulowera ku Mwanza, kapena cha Calómuè kulowera ku Dedza, kwerani chapa (minibasi) ya m'mamawa, mutenge madzi akumwa okwanira. Misewu panopa ndi youma, koma dzinja silinamizika: mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize, ndipo maulendo anasokonekera kwambiri.

Kumapiri a Angónia ndi Tsangano zinthu n'zosiyana. Ku Ulónguè, likulu la Angónia, usiku kumazizirabe, choncho musafulumire kusunga majuzi ndi mabulangete a ana, ngakhale masana kukufunda bwino. Alimi a mbatata ya kachewere ndi ndiwo zamasamba m'madimba azithirira m'mawa kapena madzulo, chifukwa zitsime zayamba kale kutsika. Ino ndiyonso nthawi yososa ndi kukonza mizere, koma mapesi muwakwirire m'malo mowatentha, ndipo mvula ya chizimalupsa ikagwa musathamangire kubzala chimanga.

Fumbi lokha ndilo silipereka mpata. Ku Moatize limasakanikirana ndi la malasha, kotero vindikirani madzi ndi chakudya, ndipo mwana akayamba kutsokomola kosalekeza kapena maso akafiira, pitani naye kuchipatala msanga. Za mmene kunja kuchere tsiku ndi tsiku muzimvera zolengeza za INAM, bungwe loona zanyengo m'dziko la Mozambique, kapena wayilesi ya Rádio Moçambique ya ku Tete, imene ili ndi mapulogalamu a Chinyanja, osati mauthenga ongotumizirana pa WhatsApp amene sadziwika kumene achokera.