Mukadwala mupite kuti, ku kiliniki kapena ku casualty?

Malangizo aya ni a aliyense wodwala kapena wosamalira wodwala kunyumba, ndiye muwerengeretu, cifukwa munthu akagwa pamaso panu mutu sugwira bwino.

Coyamba mudziwe kuti ku casualty, mbali ya cipatala yolandira odwala mwadzidzidzi, satsatira mzere. Nesi amene akulandirani amaona kapumidwe, kugunda kwa mtima, BP, kutentha kwa thupi komanso ngati munthu ayankha bwino akafunsidwa, kenaka amamuika pa gulu, zipatala zambiri zimasewenzesa mitundu, red ni uja afunika thandizo pomwepo, orange na yellow ali pakati, green ni uja angayembekeze. Manje mukapitako na cimfine ca masiku awiri muzakhala pa benchi maola ambiri, wina wofika pambuyo panu alowa inu mukali panja, osakwiya ai, si tsankho, uja walowayo mwina moyo wake uli pa ngozi.

Koma pali zizindikiro zimene simufunika kufunsa munthu kapena kuyembekeza kuce. Kuwawa pacifuwa ngati cinthu colemera cakupsinjani, makamaka ululu ukamafika ku dzanja, ku nsagwada kapena kumsana, thukuta lili kamukamu, thamangani ku casualty ndipo osaziyendetsera motoka mweka, itanani ambulansi kapena wina akunyamuleni. Kulephera kupuma, milomo kapena lilime kutupa pambuyo pomwa mankhwala kapena kulumidwa na njuci, magazi osaleka olo mwapanikiza pa cilonda mphindi 10, kukomoka, kugwa khunyu kopitirira mphindi 5, kusanza pambuyo pomenyetsa mutu, zonsezi ni za casualty.

Sitiroko ndiye anthu ambiri amacedwa nayo, amati mulekeni agoneko kaye azauka bwino. Ai. Muuzeni amwetulire, muone ngati pakamwa papindika mbali imodzi. Akweze manja onse awiri, muone ngati limodzi litsika lokha. Akambe ciganizo cacifupi, mumve ngati mau atuluka bwino. Cimodzi cabe mwa izi cikalakwika nyamukani, ndipo mukumbukire ola limene zayamba cifukwa adokotala azafunsa, mankhwala osungunula magazi oundana amapatsidwa mkati mwa maola 4 na hafu, ikapita nthawi imeneyo mwayi wacepa kwambiri. Musamupatse cakudya kapena madzi, angatsamwidwe.

Kwa ana musamacite masewera. Khanda losafika miyezi 3 likatentha thupi kufika 38 pa thermometer lipite ku cipatala tsiku lomwelo olo lioneke bwinobwino. Mwana aliyense amene akana kuyamwa kapena kumwa, asanza ciliconse, ali lefulefu osadzuka, kapena pacifuwa palowa mkati akamapuma, ameneyo si wa mawa. Mai woyembekezera akaona magazi, kapena mutu kuwawa kwambiri maso osaona bwino, nayenso cimodzimodzi. Amene wamwa poizoni musamusanzitse, nyamulani botolo lake muwaonetse anesi. Ndipo munthu akakamba zofuna kudzipha musamusiye yekha, ameneyo naye ni wodwala wofunika thandizo mwamsanga.

Zina zonse zambiri ni za ku kiliniki kapena dokotala wanu wa masiku onse, cimfine, khutu kuwawa, zidzolo, msana wa nthawi yaitali, kuwawa pokodza, cifuwa copitirira masabata awiri cimene cifunika kupimidwa TB, kupimitsa BP na shuga, kutenga mankhwala akatsala pang'ono kutha. Pano ndiye nifuna mumvetse bwino, dokotala wa ku casualty sakudziwani, nchito yake ni kuona kuti simufa lero basi, akatero akutulutsani. Uja wa masiku onse ali na faelo yanu, adziwa kuti BP yanu yakhala ikwera pang'onopang'ono, adziwa mapilisi amene anakudwalitsani kale, ndiye angasinthe mankhwala matenda asanafike poipa. Odwala shuga na BP amene amaonekera ku cipatala pokhapo zikavuta ni amene amabwererako kawirikawiri.

Pali zina zimene sizioneka zoopsa koma zili na nthawi yake. Galu akakulumani tsukani cilonda na sopo na madzi ambiri mphindi 15 ndipo mupite tsiku lomwelo cifukwa ca ciwewe. Ngati mwagwiriridwa kapena muganiza kuti mwina mwatenga HIV, mankhwala a PEP, oteteza kuti HIV isakhazikike m'thupi, afunika kuyamba asanathe maola 72. Kiliniki ikakhala yotseka pitani ku casualty, musayembekeze atsegule.

Popita kulikonse nyamulani khadi lanu la cipatala na mapaketi a mankhwala onse amene mukumwa, olo azitsamba muwachule osacita manyazi. Akakutulutsani ku casualty pepala limene akupatsani mukalionetse kwa dokotala wanu pa tsiku limene alembapo.